Nsungwi ya Kansalu Koyera

Lolemba, 19 Meyi 2025

Ndatola kope limene mwana wanga Hamza analisiya popita kusukulu ku Dwangwa, lili ndi masamba ambiri osalemba. Ndizilembamo zanga, chifukwa pakhomo pano ukamayankhula zimakhala ngati ukuuza khoma. Amuna anga a Idrisa, bambo a Hamza, ndizingolemba kuti BH, dzanja langa linaiwala cholembera kalekale.

Lero kunali msonkhano padoko. Mwera wa sabata yatha watsekanso mpata umene maboti amalowera, mchenga wadzaza mpaka boti la injini likumakwawa ndi mimba. Kwinaku nyanja ikudya gombe la kumanda. Chaka chatha inatenga kale mzere wa m'munsi wa manda, pamodzi ndi nyumba za kutsogolo ndi mathandala athu oyanikapo usipa. Chaka chino yabwerera zotsala. Abungwe lina abweretsa matumba opanda kanthu ndi mafosholo. Kunabweranso mayi wina wa ku Boma wovala jombo, watisonyeza kasanjidwe ka matumba. Akuti ngati njerwa, lapamwamba lizikhala pamene awiri apansi akumanira, kenako kutsogolo kukhome zikhomo kuti mafunde asagwetse.

A Gresham, apampando a komiti ya doko, aja anachokera ku Nkhata Bay, anagawa ntchito. Amuna kukumba mpata ndi kusuntha nsungwi zolozera njira ya maboti, amayi kudzaza matumba ndi mchenga wokumbidwawo n'kukasanja kumanda. Tonse tinaomba m'manja. Tikubwerera, mnzanga Safiya ndiye anati, "Koma amake Hamza, ife kumanda tinayamba liti kulowako?" A Gresham ndi a tchalitchi, kwawo amayi amaperekeza maliro mpaka pa dzenje, sanaganizeko n'komwe. Koma amuna athu a kumzikiti, amene akudziwa bwino lomwe, anali duu pamsonkhanopo. Kaya aliyense mtima unali pa boti lake.

Mwana wanga Nasra ali kumandako. Anapita ali ndi zaka zitatu, malungo. Pamene anagona sindinapaonepo. Tsiku lija ine ndinatsala pakhonde ndi amayi anzanga, amuna anamunyamula, anakhota pamzikiti, basi. BH anandiuza kuti ali pafupi ndi mtengo wa msikidzi. Msikidzi waukulu uja umaonekera panjira ya kuchigayo, ndipo ndikamapita kukagayitsa ndimaima pang'ono n'kuuyang'ana. Lero ndauyang'ananso. Madzi sali kutali nawo monga ndinkaganizira.

Lachiwiri, 20 Meyi

Tinatuma achimwene anga a Sadick kuti akafunse a Shehe. Anabwera ndi mayankho awiri, ngati tinawatuma kawiri. A Shehe a mzikiti wathu akuti amayi asalowe, mwambo ndi mwambo. A Shehe okalamba a kutsidya la dambo akuti pakagwa ngozi zoletsedwa zina zimamasuka. Ndinati, "Ndiye tilowe kapena tisalowe?" Achimwene anakanda m'mutu n'kubwereranso komweko.

Ulendo wachiwiri anabwera ndi yankho lachitatu. Akuti tidzere kumadzi. Tiziyenda m'mphepete, m'madzi ofika m'mawondo, n'kumasanja matumba titayang'ana kumtunda. M'madzi si m'manda, ndi m'nyanja. Safiya, pakamwa pake sipagwa ntchentche, anati, "Ndiye malire a manda ndi madzi? Mawa madzi akasuntha, malire asunthanso?" Ine ndinawonjezera kuti nanga mzere wa m'munsi uja suli m'madzi momwemo? Achimwene anandiyang'ana moipa. Anati, "Chemwali, musamafunse zambiri. Ingoyendani m'mphepete, musapite kwakuya."

Tayamba choncho. Mchenga wonyowa, mayo ine! Thumba limodzi anthu awiri, ndipo madzi ake amatsikira m'khosi mpaka kumsana. Amuna akukumba ataima m'madzi ofika m'chiuno, fosholo ikatuluka theka la mchenga labwerera kale pomwe lachoka. Ndinaima kuwaonerera, sindinathe kudziwa ngati mpata ukukula kapena ukuchepa. A Gresham akuti ukukula.

Msana ukuwawa. Sindinapite kuchigayo, tadya mbatata.

Lachitatu, 21 Meyi

Zachitika padoko. Boti lachilendo lochokera cha ku Dwangwa, lodzaza nkhuni, lasochera polowa n'kugunda chitsa, pulopela yathyoka. Mwini wake anatukwana mpaka ana anathawa.

Nkhani yake ndi iyi. Nsungwi zolozera njira zimaima mizere iwiri, boti limadutsa pakati. Mchenga ukasuntha, amuna amayenda m'madzimo kufufuza pakuya n'kuzisuntha. Zonse zili ndi tinsanza tofiira kapena tabuluu. Koma pali nsungwi imodzi imene imaima payokha, kumbali ya kumanda, pamalo osaya odzaza zitsa, ndipo ili ndi kansalu koyera. Mlendo uja anaona kansalu koyerako kakuwala kuposa tonse, anangolunjika komweko. Ine nsungwiyi ndakhala ndikuiona chaka chonse, ndinkayesa ndi ya komiti. Lero ndi pamene ndamva kuti ndi ya BH.

A Gresham anati, "Ada Idrisa, ndakupemphani kangati? Nsungwi yanu iyi itiphetsa anthu. Izulidwe lero."

BH anati, "Sizulidwa."

"Chifukwa?"

"Pali chitsa. Ikuchenjeza."

"Zitsa zili ponseponse uko, bwanji simunazike nsungwi pa chilichonse?"

BH anangotola fosholo yawo n'kulowa m'madzi. Mwamuna wanga uyu sakangana ndi munthu, ngakhale nkhuku ikamudyera chimanga amayamba waipepesa. Lero nkhope yake sindinaizindikire. Anthu onse maso kwa ine, ngati ine ndiye ndikudziwa. Manyazi anandigwira, ndinangowerama n'kumamanga thumba lomanga kale.

Lachinayi, 22 Meyi

Ndinawafunsa BH za nsungwi ija m'mawa akumwa tiyi. Anati pamenepo amamangirapo bwato laling'ono. Bwato lathu laling'ono linaola chaka chatha, panopa nkhuku zikuikiramo mazira kuseri kwa khitchini. Nditawakumbutsa anati ayi, ankatanthauza kuti amatcherapo mono. Dzulo chinali chitsa, lero bwato, kenako mono. Ndinati, "Bambo a Hamza, sankhanipo chimodzi, ine mutu wanga ndi umodzi." Anasiya tiyi wosatha.

Kuntchito amayi andidya wamoyo. Ena akuti ndi mankhwala oitanira usipa, kuti BH anapita kwa sing'anga. Safiya akuti, "Mankhwala a usipa amamanga ndi nsalu yoyera? Iwe, fufuza kuti kansaluko kang'ambidwa pa chovala cha ndani. Pena ndi chizindikiro cha kwa mkazi mnzako, kuti lero ndibwera." Onse kuseka chikhakhali. Nanenso ndinaseka.

Pobwera ndinatsegula sutikesi kuti ndisite mkanjo wawo wa Lachisanu. Kumunsi kwake n'kong'ambidwa, bwinobwino, ndi lumo. Osati kamodzi. Mkanjo wafupika, ndipo ine ndakhala ndikuuchapa osazindikira, ndinkayesa nsalu ikukhwinyata. Ndiye si mkazi wina. Koma munthu wopemphera ngati BH angang'ambe mkanjo wopempherera chifukwa cha usipa? Usipa wake uti, poti chaka chino tikugwira njakata ngati wina aliyense?

Ndausita choncho.

Lachisanu, 23 Meyi

Amuna anaweruka msanga chifukwa cha swala ya Ijumaa, pemphero lathu la Lachisanu. Mpata watseguka pang'ono, maboti awiri atuluka mokankha.

Ndakangana ndi mayi wa ku Boma uja. Iye akufuna matumba ambiri apite kummwera, kumene mafunde amamenya kwambiri. Ine ndinatenga gulu langa n'kulitembenuzira kumsikidzi. Anandifotokozera bwinobwino, mwaulemu, akujambula ndi chala pamchenga, ndipo ndinaona kuti akunena zoona. Koma ndinati, "Mayi, mwana wanga ali apo." Kenako anati tigawane, theka uku theka uko, koma zikhomo zichepa. Ndinavomera. Ndikudziwa kuti ndachita zaumbombo, ku mmwerako kulinso ana a anthu.

Ndikusanja pafupi ndi msikidzi ndinasuzumira kumtunda. Aka n'koyamba kufika pafupi chonchi. Timitumbira tambiri, tina tating'ono, udzu uli thoo. Achimwene ankadutsa kuchokera kumzikiti, ndinawaitana. Ndinati, "Achimwene, inu munalipo tsiku lija. Ingondilozerani ndi chala, ndili kuno kumadzi, sindilowa." Anayang'ana msikidzi, anayang'ana nyanja, anayang'ana mapazi awo. Anati, "Ndi pamene alamu anakuuzani." Ndinati alamu anuwo anangoti pafupi ndi msikidzi, kumanja kapena kumanzere? Anati dzuwa likuwathobwa m'maso. Dzuwa linali kumsana kwawo.

Amuna a mudzi uno adya chiyani sabata ino? Kapena ndine amene mutu waima?

Loweruka, 24 Meyi

Mwera tsiku lonse, palibe walowa m'madzi. Matumba athu a kumsikidzi agwa, mzere wapamwamba wonse.

Lamulungu, 25 Meyi

Kwacha bata. BH anakwera minibasi m'mamawa kupita ku Boma kukafuna chitsulo cha injini. A Gresham ndi anzawo kutchalitchi. Padoko panali zii.

Ine ndi Safiya tinapita kukaona. Matumba anagwa chifukwa zikhomo zathu zinali zazifupi, timitengo ta chinangwa ndi bango, mafunde anangozula ngati udzu. Gombe lagumuka, mizu ina ya msikidzi ili pamtunda. Mwera wina ukabwera usanathe mwezi, mtengowo upita, ndi Nasra yemwe. Pakufunika zikhomo zazitali zolimba, za nsungwi. Nsungwi zonse za bungwe zinathera kumpata, ndipo kozidula n'kutali, kumapiri.

Safiya ndiye analoza ndi mlomo nsungwi ya BH ija. "Nanga iyo ikugwira ntchito yanji, kupatula kuthyola mapulopela a anthu?"

Sindinaganize kawiri. Ndinati mankhwala a usipa kapena chiyani, mwana wanga ndiye woyamba. Tinakwinda zitenje n'kulowa. Madzi m'chiuno, kenako pachifuwa. Safiya akungolira za ng'ona njira yonse, ndipo anaima patali, akuti iye akhala mlonda. Nsungwiyo inazikidwa ndi munthu wosafuna kuti idzachoke. Ndinaigwedeza, ndinaipotokola, osatheka. Pansi panali njerwa, ndinazimva ndi mapazi, ndinaponda pomwepo kuti ndipeze mphamvu. Ndinadabwa pang'ono kuti njerwa zikutani kuno poti nyumba zinali mbali ina, koma nyanja imasuntha zinthu. Ndinkangoyang'ana kumtunda kuopa kuti wina andiona kuchokera kumzikiti. Mwadzidzidzi inazuka, ine chagada m'madzi, ndinamwa ndithu.

Taidula patatu ndi chikwanje, takhoma patsogolo pa matumba a kumsikidzi. Zalimba bwino. Kansalu koyera ndinakamasula n'kukapisa m'chiuno, ndikufuna ndiwaonetse eni ake kuti tikambirane za mkanjo.

A Gresham atabwera kutchalitchi anayang'ana panyanja n'kuseka. "Yewo ama, zikomo! Zimene komiti yalephera chaka chonse, inu mwatha tsiku limodzi." Ndinamva bwino. Ndaphika mpunga wa kilombero kudikira BH, koma aimba foni kuti agona kwa msuweni wawo, chitsulo chipezeka mawa.

Lolemba, 26 Meyi

Sindikudziwa poyambira.

BH anatsika minibasi chakumasana, anadzera padoko, chitsulo chili m'manja. Ine ndinali kumatumba, ndinawaona ataima. Anayang'ana panyanja nthawi yaitali. Kenako anaika chitsulo pansi n'kulowa m'madzi ndi zovala zomwe, nsapato zokha ndi zimene anavula. Anapita mpaka pachifuwa, n'kuyamba kuyenda uku ndi uku, pang'onopang'ono, akukweza mapazi ngati munthu wotaya ndalama m'matope. Anyamata a maboti anayamba kuseka, akuti mdala akusaka mankhwala ake. Achimwene a Sadick anawakalipira koopsa, mpaka ndinadabwa, kenako nawonso anavula malaya n'kulowa. Kenako amuna ena awiri akuluakulu a kumzikiti. Anthu anayi akuluakulu kumangozungulira m'madzi. Madzi anali a matope chifukwa cha mwera uja, pansi sipaoneka.

Atatuluka, milomo ili gwagwagwa ndi kuzizira, BH anapita kwa a Gresham. "Wazula ndani?" A Gresham anandiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Ndi komiti, ada." Mulungu awadalitse, ankafuna kunditchinga. BH anawagwira malaya pakhosi. Anthu analeretsa.

Kunyumba ndinawapatsa madzi otentha osamba, sanasambe. Chakudya sanakhudze. Ndinaona kuti a Gresham asafere za eni, ndinatulutsa kansalu kaja n'kukaika pamphasa. Ndinati, "Ndine. Ndadula zikhomo, ndatchingira Nasra kumsikidzi. Ngati ndi mankhwala, mukatenge ena." Ndinali nditakonzeka kukalipiridwa, mayankho ndinali nawo kale pakamwa.

Sanakalipe. Anakhala pansi, padothi penipeni, osati pamphasa. Anatola kansaluko. Anafunsa chinthu chimodzi chokha, motsitsa mawu.

"Munapondapo?"

Ndinati pati? Pa njerwa? Eya, nanga ndikanazula bwanji? Anaphimba nkhope ndi manja. Kenako anadzuka n'kupita kumzikiti, kansalu anakasiya pomwepo. Ndakatolanso. Ndasowa mtengo wogwira. Ndalakwa, ndikuona, koma sindikudziwa kuti ndalakwa chiyani, ndipo palibe akufuna kundiuza.

Lachiwiri, 27 Meyi

Ndinali kumsikidzi m'mawa, ndikusanjanso mzere wapamwamba. Achimwene anabwera m'mphepete mwa madzi. Anati, "Chemwali, tasiyani kaye thumbalo. Tiyeni tikakhale apo." Tinakhala pa bwato lakale lovundikira.

Misikidzi inali iwiri. Waukulu uwu, ndi wina waung'ono kumzere wa m'munsi, umene suoneka uli panjira. Nasra anagona pafupi ndi waung'onowo. BH sananame tsiku la maliro, anati msikidzi, ine ndinatenga umene maso anga ankaona. Chaka chatha madzi atayamba kukwera, BH anapita kwa a Shehe kukafunsa zomusuntha. Pamene akuluakulu ankakambirana kuti n'zololedwa kapena ayi, mwera unabwera, mtengo waung'ono unagwa, madzi analowa. Chimene anakwanitsa n'kuzunguliza njerwa madzi ali m'mawondo, ndi kuzika nsungwi kumutu. Nthawi imeneyo ine ndinali nditangotuluka kuchipatala ndi BP ija. Ndikukumbuka, ndinawafunsa ndili chigonere kuti Nasra ali bwino? Anati, "Msikidzi suli apo mukuuona?" Kenako anapempha amuna onse amene anali pamaliro kuti atseke pakamwa.

Ndinafunsa achimwene kuti ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikupereka moni kwa mwana wa ndani? Anati pafupi ndi msikidzi waukulu pagona agogo ake a Safiya ndi anthu ena akale. Ndinaseka. Sindikudziwa chifukwa chake, ndinaseka mpaka achimwene anachita mantha, kenako kuseka kuja kunasanduka kwina.

Ndikwiyire ndani? BH, amene ang'amba mkanjo wawo chaka chonse kuti kansalu kasade? Achimwene? A Shehe? Nyanja? Mwambo umene unandisiya pakhonde? Ndikayamba kukwiyira mmodzi, mtima ukundikumbutsa kuti amene anaponda ndi kuzula ndine. Ndinaponda mwana wanga kuti ndipeze mphamvu. Ndalemba ndipo ndikuyang'ana mawuwo, sakulowa.

Pali chinanso. Mwera wa Loweruka wasuntha mchenga. Mpata umene amuna akumba sabata yonse watsekekanso, ndipo madzi akuya apatukira mbali ya kumanda. Madzi saiwala khwawa, akuluakulu akuti kale mtsinje unkadutsa cha kumeneko. Komiti inagwirizana kuti Lachinayi ayambe kukumba mpata watsopano mbali imeneyo, azule zitsa, maboti azidutsa. Achimwene anapita kukawauza a Gresham zonse. Akuti a Gresham anavula chipewa, kenako anati, "Ada, bwanji osandiuza? Mpata tiukhotetsa, ngakhale utalike. Koma mundionetse pamene pali mwanayo. Maboti sangadikire kupitirira Lachinayi, anthu alibe ndiwo."

Ndiye vuto ndi limenelo, palibe akudziwa. BH ankadalira nsungwi, mtengo umene ankayezera unapita. Lero alowanso m'madzi anthu asanu, sanapeze kanthu, mwina mchenga wakwirira njerwa. Safiya akuti iye ankangoyang'ana ng'ona.

BH abwera, takhala pakhonde. Iwo anati, "Amake Hamza." Ine ndinati, "Ee." Zathera pomwepo.

Lachitatu, 28 Meyi

Ndinadzuka ndi chinthu chimodzi m'mutu. Pozula paja ndinkayang'ana kumzikiti kuopa kuonedwa. Ndipo ndinkavutika kuona khomo la mzikiti chifukwa mtengo wina wa mgwalangwa, wouma, wopanda mutu, unaima patsogolo pake penipeni. Ndinkachita kusuzumira mbali. Ndinawauza BH. Anandiyang'ana, kenako anapita kukatenga nsungwi. A Gresham anazula imodzi pamzere wa mpata, yaitali kuposa zonse, n'kuwapatsa.

Nyanja inali bata, madzi ayera pang'ono. Pagombe panali anthu, koma lero palibe amaseka. Nditayamba kukwinda chitenje, mkulu wina wa kumzikiti anati, "Koma amayi kumeneko..." BH anati, "Asiyeni. Anafikako kale."

Tinalowa awiri, iwo kumbuyo ndi nsungwi paphewa. Ndinayenda chammbuyo, maso kumtunda, mpaka mgwalangwa unatseka khomo la mzikiti. Kenako ndinangotsata mzere umenewo kulowa kwakuya, madzi m'chiuno, pamimba, pachifuwa. Pansi mchenga wokhawokha. Ndinapita, ndinabwerera, ndinapitanso. Ndinayamba kukayika, mwina unali mgwalangwa wina, mwina linali zenera osati khomo. Sabata ino chilichonse chimene ndinkati ndikudziwa chapezeka kuti si chimenecho. BH anati, "Musathamange. Kumbani ndi zala za kuphazi."

Ndinayamba kufukula mchenga ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono. Chitsa. Chigoba cha nkhono. Kenako chinthu cha ngodya.

Sindinapondepo. Ndinaima pambali n'kuyendetsa phazi m'mphepete mwake, njerwa, njerwa ina, ina, kukhota. Kuchokera kumutu kufika kumiyendo phazi silinachedwe. Ndinali nditaiwala kuti anali wamng'ono chotere.

Ndinati, "Ndi pano." BH anabwera, anafufuza ndi phazi lawo, anavomera ndi mutu. Anazika nsungwi, ine nditaigwira kuti isapendame, iwo akuikhomera ndi thupi lonse. Kenako anayamba duwa, pemphero lathu, ine ndikuyankha amina, madzi akutimenya pachifuwa. Atamaliza anagwira kumunsi kwa malaya awo ngati akufuna kung'amba. Ndinati, "Zovala zatha, bambo." Ndinatulutsa kansalu kaja m'chiuno n'kumanga ndekha, mfundo ziwiri.

Anati tiyeni, mwazizidwa. Ndinati tsogolani. Sanatsogole, anaima nane mpaka a Gresham anabwera pa bwato ndi anyamata awo, akuzika nsungwi za tinsanza tofiira patali ndi ife, kukhotetsa mpata. Podutsa anatsitsa mawu, ngakhale nkhafi ankapalasa mosamala.

Matumba a kumsikidzi tiwasiya pomwepo, agogo ake a Safiya nawonso ndi anthu. Mawa gulu langa lipita kummwera, ndamuuza kale mayi wa ku Boma.

Masana ndinatenga chimanga pang'ono kupita kuchigayo, ngakhale ufa ulipo. Ndinaima pamalo anga aja. Maso anapita okha kumsikidzi, mwachizolowezi. Ndinawatembenuza pang'ono, kumanzere, kupyola bango. Kansalu kakuoneka bwinobwino uli panjira.